Nsapato Zanga ndi Mphindi Zitatu

Anzanga a m'kalasi, makamaka inu amene timagona nyumba imodzi, mudzakumbukira kuti pamene tinatsegulira chigawo chachiwiri mu Januwale 2025 ine ndinabwera ndi nsapato zakuda zosokedwa ndi ulusi woyera kumphuno, ndipo ena mwa inu munazipatsa dzina lakuti "ng'ona," pakuti ya kumanzere inali kuyasamula ndikamayenda. Masiku amenewo ndinali kukuuzani kuti nsapato zatsopano ndinaziiwala kwathu. Tsono popeza akonzi a magazini ino apempha kuti aliyense alembe chinthu chimene chinamchitikira iye mwini, ndaganiza kuti ndiulule lero kumene zinapita nsapatozo. Sizinaiwalike ai. Ziri m'kati mwa wailesi ya kanema ya atate anga ku Mponela.

Kanema ameneyu tinalandira m'chaka cha 2023 kuchokera kwa achimwene anga aakulu, amene amagwira nchito yomanga nyumba ku Johannesburg. Anadza pa basi atakulungidwa m'mabulangete awiri, ndipo tsiku limenelo pakhomo pathu panadzaza anthu monga pa chinkhoswe. Ndi wa mainchesi 43, wopyapyala kotero kuti agogo anazungulira kumbuyo kwake kukafuna kumene kwabisala chimimba chake, pakuti iwo anazolowera akanema akale aja okhala ndi msana ngati wa kamba. Anthu a kwathu amatcha kanema aliyense wopyapyala "pulazima," ndipo ifenso tinali kutero, kufikira mmisiri anatiuza kuti wathuyo ndi wa mtundu wa LED, ndi kuti makampani akuluakulu analeka kupanga mapulazima enieni m'chaka cha 2014.

Atate anga ndi telala, munthu wosachuluka mau, koma usiku umenewo anatisimbira za chaka cha 1999, pamene kanema wa dziko lino anayamba kuulutsa. Anati iwo, akali mnyamata, anali kuimirira pa zenera la sitolo ina ku Lilongwe kupenyerera zithunzi zopanda mau, kufikira mlonda atawathamangitsa. "Lero ali m'nyumba mwanga," anatero, "koma thukuta lake ndi la mkulu wako. Usasewere naye."

M'mawa mwake anachita zinthu ziwiri. Poyamba anadula pulagi ya ku South Africa, ya mano obulungira, imene sinali kulowa m'soketi zathu za mano a ngodya, naikapo ya kuno. Atatero anapita ku sitolo nagula kabokosi koyera kamene ogulitsa amakatcha fridge guard, koma ife timangoti gadi. Gadi amalowa m'soketi ya pakhoma, ndipo ekisitenshoni ya kanema ndi dikoda imalowa mwa iye. Nchito yake ndi iyi: magetsi akakwera kupitirira muyeso, kapena akatsika kwambiri, iye amatseka njira, ndipo akazima nabweranso, salola kuti apitirire msanga, koma amayamba wadikira mphindi zitatu, kanyali kachikasu kali kuyaka, ndipo akaona kuti akhazikika ndi pamene amayatsa kanyali kobiriwira natsegula njira.

Ine gadi ameneyu ndinali kumuda ndi mtima wanga wonse, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake ndiyenera kubwerera ku tsiku la 25 Januwale 2022. Tsiku limenelo timu yathu ya Flames inali kusewera ndi Morocco ku Cameroon, itafika koyamba m'ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa. Koma namondwe wa Ana anali atangoononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko nilitaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwathu kunali mdima. Chigoli chija cha Gabadinho Mhango, chimene anthu akali kuchisimba, ine ndinachimva pa kawailesi ka mabatire titaunjikana pakhonde la golosale. Tinagonja 2 kwa 1, koma chimene chinandipweteka ine si kugonjako, koma kuti maso anga sanaone. Kuyambira pamenepo ndinali ndi njala ya mpira yosakhutitsika, ndipo mphindi iriyonse imene kanyali kachikasu kanali kuyaka ndinali kuiyesa ngati yobedwa kwa ine.

Tsono linafika tsiku la Lachinai, pa 26 Disembala 2024, m'mawa mwake mwa Khirisimasi, tsiku limene ku England amasewera mpira wambiri. Atate ndi amai anali atapita kumudzi kukathira feteleza m'chimanga, nanena kuti akagona komweko. Pakhomo tinatsala ine, agogo ndi mlongo wanga wamng'ono wa zaka 7. Anzanga anai anadza nthawi ya 5 koloko madzulo, tinakhala pa mkeka, mpira nuyamba. Cha ku Dowa kunali kutada bii, ndipo bingu linali kumveka patali. Agogo anatuluka m'chipinda ndi chitenje naphimba kalilole wa pakhoma, monga amachitira nthawi zonse kukamachita ziphaliwali, nati, "Ana inu, zimitsani chinthu chanucho, mphezi ikonda zonyezimira." Ife tinaseka, ndipo ine ndinawayankha mwa nzeru za Fomu 3 kuti kalilole alibe mlandu ndi mphezi. Za kalilole ndikhulupirira kuti ndinanena zoona, koma mwa anthu onse amene tinali m'nyumbamo, amene analankhula zanzeru madzulo amenewo anali agogo okha.

Magetsi anazima koyamba mpira utangoyamba, nabwera posachedwa, ndipo tinakhala kupenyerera kanyali kachikasu mphindi zitatu. Anazimanso kachiwiri, nabweranso, ndipo tikali kudikira tinamva anthu ali kupfuula ku nyumba yoonetsera mpira ya kumsika, kumene ali ndi jenereta. Chigoli chinali chitalowa, ife tiri kupenya galasi lakuda. Mmodzi wa anzanga anati, "Aise, tachotsa chimenecho, magetsi alipo kale awa." Sindifuna kumsenzetsa mlandu mnzangayo, pakuti iye anangolankhula, ndipo dzanja limene linazula gadi pakhoma ndi kulowetsa ekisitenshoni m'soketi yeniyeni linali langa. Kanema anayaka nthawi yomweyo, anzanga nanditama kuti ndine mwamuna.

Sipanapite nthawi magetsi anazima kachitatu. Pamene anabwera, babu la pakhonde, limene linali la mtundu wakale uja wa kawaya m'kati, linawala mbee ngati dzuwa, nilizima, ndipo kumbuyo kwa kanema kunamveka kuti phu! monga thumba la pepala likaphulika. Kunatuluka kautsi pang'ono ndi pfungo loipa la pulasitiki wopserera. Ndinadina rimoti, ndinadina mabatani a m'mbali, ndinazula pulagi ndi kuibwezera, koma kanyali kofiira ka pansi pa galasi, kamene kamayaka ngakhale kanema ali chigonere, kanali katafa. Anzanga aja aliyense anakumbukira mwadzidzidzi kuti kwao anamtuma, ndipo posakhalitsa pa mkeka ndinatsala ndekha.

Chimene ndinachita pambuyo pake ndicho chimandichititsa manyazi koposa kupsa kwa kanemayo. Ndinatola gadi pansi, ndinambwezera pakhoma, ndi kulowetsa ekisitenshoni mwa iye monga momwe atate anasiyira. Potembenuka ndinaona mlongo wanga ali chiriri pakhomo la kuchipinda, maso ali pa ine. Pakamwa pake ndinapatseka ndi mandasi awiri ndi lonjezo la mabisiketi.

Atate atafika m'mawa mwake ndinawachingamira ndi nkhope ya maliro, ndipo ndinati, "Atate, dzulo magetsi anali kuzimazima, ndipo kachitatu, atangobwera pomwepo, kanema analira phu, nafa." M'mau amenewa munalibe liu ngakhale limodzi lonama, koma onse pamodzi anali bodza lalikulu. Chinandithandizanso ndi chakuti madzulo omwewo anthu ena a m'dera lathu anapsetsa machaja a mafoni, ndipo banja lina linapsetsa furiji, kotero kuti panalibe wondikayikira. Mkwiyo wonse wa atate unagwera pa gadi ndi pa munthu wa sitolo amene anawagulitsa. Anauza anansi kuti munthuyo agulitsa zinthu zachinyengo, ndi kuti tsiku lina adzapita kukamponyera kabokosi kake pa kauntala anthu onse ali kuona. Ine ndinangoti zii, ndiri kudziwa kuti munthu wosalakwa ali kuipitsidwa mbiri chifukwa cha ine.

Masiku amenewo nsima sinali kutsika bwino. Chimene chinandilasa mtima koposa ndi ichi. Pa tsiku la Chaka Chatsopano achimwene anaimba foni ya pa WhatsApp yoonana nkhope, ndipo atate, amene nthawi zonse amakonda kukhala pa mpando wa pafupi ndi kanema kuti mwana wao aone mphatso yake iri kuyaka, anathamangira panja nakalankhulira patsinde pa mtengo wa mango, nanena kuti m'nyumba netiweki iri kubvuta. Munthu amene sindinamumvepo ali kunama ananama tsiku limenelo, ndipo wowanamitsa ndinali ine.

Akatswiri a m'mudzi sanasowe. Wina anati timuyanike padzuwa, wina anati timmenye kumsana, ndipo wina anadza ndi kawaya ka mkuwa kuti amange m'malo mwa fyuzi. Atate anawathokoza onse nawakanira, nati kanema apita kwa mmisiri ku Lilongwe.

Tinanyamuka mmamawa pa 2 Januwale, kanema atakulungidwa m'mabulangete omwe aja anadzera. Kondakitala wa minibasi anafuna kumgoneka kumbuyo pamwamba pa matumba a mbatata, koma atate anakana, nalipira mpando wina wapadera, ndipo tinamuimika chiriri, ine nditagwira mbali iyi, iwo mbali iyo. Anachita bwino, pakuti galasi la kanema wotere ndi lopyapyala ndi lotambalala, ndipo likagonekedwa m'galimoto yodumphadumpha limapindika pakati ndi kung'aluka. Tsono galasi likasweka nkhani yatha, chifukwa mtengo wake usiyana pang'ono ndi wa kanema watsopano. Tinapitirira Lumbadzi ndi Kanengo osalankhulana. M'thumba la jekete la atate munali gadi uja, ndipo minibasi ikadumpha ndinali kumva ngodya yake iri kundibaya m'nthiti.

Mmisiri amene anthu anatilozera ali m'kanyumba kakang'ono kuseri kwa masitolo a ku Malangalanga. Ndi bambo wa imvi, wobvala mandala, ndipo ali ndi mtsikana mmodzi wophunzira nchito. M'katimo akanema akufa anali ataimikidwa m'mizere ngati mabuku a mu laibulale yathu. Asanagwire sikuludiraiva anayamba kufunsa monga dokotala: kodi mau amamveka koma chithunzi palibe? Kodi kanyali kofiira kamayaka? Kodi munamva pfungo? Anatifotokozera kuti akanema ambiri amene eni ake amati afa sanafe konse. Zimene zimafa kawirikawiri ndi tinyali ta LED tokhala kuseri kwa galasi, ndipo munthu akayatsa kanema wotere naunika ndi tochi pafupi ndi galasi, amaona chithunzi chozimiririka chiri kuyenda mumdima. "Koma uyu," anatero, "ngati kanyali komwe kafa, ndiye kuti bvuto liri pakhomo polowera magetsi."

Atatsegula chikuto cha kumbuyo ndinadabwa, pakuti ndinali kuyembekeza kuona makina odzaza tho, koma munali mabolodi atatu okha ndi mawaya owerengeka. Bolodi loyamba ndilo limalandira magetsi a pakhoma ndi kuwasandutsa magetsi ang'onoang'ono amene ziwalo zina zimadya. Lachiwiri ndilo ubongo, kumene kumalowa nthambo za dikoda ndi za mlongoti. Lachitatu, laling'ono, ndilo limauza galasi chojambula. Ine ndinatambasula chala kuti ndiloze pamalo pakuda pa bolodi loyambalo, koma mtsikana uja anandimenya dzanja mwamsanga. Mmisiri anati, "Usakwiye, mphwanga. Muno palibe amene amagwira bolodi tisanaliyeze." Ndipo anandionetsa kachitini kakuda kotchedwa kapasita, kamene kamasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Apa Fizikisi imene ndinali kuiwodzerera m'kalasi inandibwerera: magetsi a m'nyumba zathu timati ndi mavolti 230, koma imeneyi si nsonga yake, pakuti amakwera ndi kutsika ka 50 pa sekondi iriyonse, ndipo pansonga amafika pa 325. Amenewo ndiwo amakhala mwa kapasita, mwa akanema ena kufikira 400. Anayeza ndi mita yake napeza kuti wathuyo anali wopanda kanthu, koma ine chala changa sindinachitambasulenso.

Pamalo pakuda paja panali fyuzi yopserera, ndipo pambali pake panali kanthu kobulungira ngati batani la jekete, kotchedwa varistor, katang'ambika pakati. Mmisiri anati kanthu kameneka kamakhala chete nthawi yonse imene magetsi ali bwino, koma akalumpha mwadzidzidzi kamadziponya patsogolo ndi kumeza mphamvuyo kuti fyuzi iduke, monga galu wa pakhomo amene amalumidwa ndi fisi kuti mbuzi zipulumuke. Koma fisi wa tsiku limenelo anali wamkulu, ndipo anapitirira napha tiziwalo tina tiwiri ta pafupi, kamene kamawongola magetsi ndi kamene kamawadulirira. Mwamwai ubongo ndi galasi zinali zamoyo. Atate atafunsa chimene chimadzetsa zotere, iye anatchula zinthu zitatu: mphezi ikagwa pa mawaya, ngakhale kutali makilomita angapo, kulumpha kumene kumachitika nthawi zina magetsi akamabwera atazima, ndiponso waya wotchedwa neutral akaduka kapena akabedwa cha ku thiransifoma, pamene nyumba zina zimalandira mavolti oyandikira 400. Anati sakanatha kudziwa chimene chinafika kwathu mwa zitatuzi.

Pamenepo atate anatulutsa gadi namuika pa tebulo mwamphamvu, nati, "Nanga chinthu ichi ndinachigulirenji, bambo? Si chonama ichi?" Mmisiri anamtembenuza, namnunkhiza, nafunsa m'mene zinachitikira. Atate anati kwa ine, "Fotokoza iwe, unalipo ndiwe." Ndinabwereza mau anga aja, amene tsopano ndinali nditawaloweza ngati ndakatulo ya mayeso. Mmisiri anandipenya pamwamba pa mandala ake.

"Wati magetsi atangobwera pomwepo?"

"Inde, bambo."

Sananene kanthu kena. Analowetsa gadi m'soketi ya pa tebulo lake, nalumikiza babu kwa iye, nayatsa. Kanyali kachikasu kanayaka, babu liri chizimire. Iye anapinda manja nati, "Tiyeni tidikire."

Anzanga, ndakhalapo m'chipinda cha mayeso, ndaimapo pamaso pa aphunzitsi aakulu, koma sindinaonepo mphindi zazitali ngati zimenezo. Panja mavenda anali kuitanira malonda, mtsikana uja anali kusesa pansi pamene panali posesedwa kale, ndipo ine ndinali kupenya nkhope ya atate iri kusintha pang'onopang'ono. Telala ndi munthu wodziwa kuyeza. Ngati gadi salola magetsi kupitirira kufikira zitatha mphindi zitatu, nanga kanema akanapsa bwanji magetsi atangobwera? Akulu sananame pamene anati mlandu suola. Babu lisanayake ndinagwada pa simenti pomwepo, ndipo ndinati, "Atate, ndinamchotsa ndine. Ndinafuna kuona mpira. Ndinambwezera kanema atapsa kale." Nditangotsiriza, gadi analira kuti tha! kanyali kobiriwira nikayaka, babu niliwala.

Atate sanandikalipire pamaso pa anthu. Anatola gadi, nampukuta ndi mpango wao, nambwezera m'thumba, nati kwa mmisiri, "Ndikanakachimwira mwana wa eni." Ine ndikanakonda akanandimenya.

Mmisiri anatiuza kuti njira zinali ziwiri. Yoyamba inali kugula bolodi lathunthu, limene linali losowa ndi lokwera mtengo, ndipo tikanadikira masabata. Yachiwiri inali kuchotsa tiziwalo takufa ndi kuikapo tina, nchito yotsika mtengo koma yofuna maso ndi kufatsa. Atate anasankha yachiwiri. Tinakhala pa benchi kufikira masana, iye ali kusungunula ndi kumata ndi chitsulo chake chootcherera. Fyuzi ndi varistor anaika zatsopano, zina anazula mwa akanema akufa aja. Chimene chinandikondweretsa ndi m'mene anayesera nchito yake. Sanalowetse kanema m'soketi mwachindunji, koma anaika babu la mawati 100 panjira ya magetsi, nati ngati m'kati mukali chilonda babulo lidzawala kwambiri ndi kulandira nkhonya m'malo mwa bolodi, koma ngati mwapola lidzangophethira ndi kuzirala. Tonse tinapenya babulo. Linaphethira, nilizirala, ndipo kanyali kofiira kaja kanayaka. Sindidzabisa, misozi inalengeza m'maso mwanga.

Polemba lisiti mmisiri anawapatsa atate malangizo, koma maso ake anali pa ine, ndipo ndiwalemba pano chifukwa ambiri a inu kwanu kuli zinthu zoterezi. Anati gadi wathu ndi wa furiji, ndipo amadikira nthawi yaitali chifukwa injini ya furiji imabvutika ikayatsidwa itangozima kumene. Alipo magadi ena opangidwira kanema amene sachedwa chotero. Ndikanangofunsa, bwenzi zonsezi kulibe, koma safunsa adadya phula. Anatsegulanso pulagi imene atate anaika napezamo fyuzi ya maampeya 13, pamene kanema wa mawati 70 sakoka ngakhale theka la ampeya imodzi, ndipo anaikamo ya 3. Komabe anachenjeza kuti tisadalire fyuzi pa nkhani ya kulumpha kwa magetsi, pakuti nchito yake ndi kuletsa waya kutentha ndi kuyatsa nyumba, ndipo imachedwa kuduka. Amene amamanga kawaya m'malo mwake ali kuitana moto. Za maekisitenshoni amene amalembedwa kuti amateteza, anati m'kati mwake muli varistor yemwe uja, amene amafooka nthawi iriyonse akamenyedwa, kotero kuti ekisitenshoni yakale ikhoza kumayatsa zinthu bwinobwino chitetezo chitatha kale. Anafunsanso ngati bowo lachitatu la soketi zathu, la pamwamba lija, liri ndi waya wopita m'nthaka, pakuti nyumba zambiri zimene zinalumikizidwa ndi amisiri a changu bowolo liri lopanda kanthu kuseri kwake. Atate anati akafunsa wodziwa.

Koma chimene ananenetsa ndi cha mphezi. Anati ikagwa pafupi palibe kabokosi kamene kangaitsekereze, ndipo mankhwala ake ndi dzanja la munthu: kuzula pulagi pakhoma mvula isanafike, ndi kumasulanso nthambo ya dishi kapena ya mlongoti, chifukwa mphezi imalowanso pakhomo la kuseri limenelo nipha dikoda ndi ubongo wa kanema. Kuzimitsa ndi rimoti si kuzimitsa, pakuti bolodi loyamba lija limakhala maso nthawi yonse imene pulagi iri m'soketi. Ndipo magetsi akazima, anati tizizimitsa zonse pakhoma ndi kusiya babu limodzi lotiuza kuti abwera. Ine ndinaonjezapo zanga za m'kalasi, kuti phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, kotero kuti munthu akawerenga kuchokera pa chiphaliwali kufikira pa bingu akhoza kudziwa kutalika kwake. Mmisiri anati, "Nzeru uli nazo, mphwanga, chimene ulibe ndi matako okhalira pansi."

Ndalama ya nchitoyo, pamodzi ndi ya adaputa yatsopano ya dikoda, pakuti nayonso inali itapsa, inatha ndendende m'kaenvelopu kamene atate anali kusungiramo ndalama ya nsapato zanga za sukulu. Pobwerera sanalankhule kufikira titapitirira Lumbadzi, ndipo pamenepo anati, osandipenya, "Nsapato zako tazisiya ku Malangalanga." Usiku umenewo anatenga zakale zija nazisoka okha ndi ulusi womasula ku thumba la feteleza, ndiwo ulusi woyera uja munali kuuseka.

Chilango sichinathere pomwepo. Anandipatsa foni kuti ndiwauze achimwene ndi pakamwa panga, ndipo iwo anakhala chete nthawi yaitali, nafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi ndidziwa kuti njerwa zingati zimakwera pa makwerero kuti munthu agule kanema. M'mawa mwake anandituma kwa anansi onse amene anamva zoipa za munthu wa sitolo uja, khomo ndi khomo, kukanena kuti gadi analibe mlandu. Mwini sitoloyo sanadziwe kanthu mpaka lero. Anangodabwa kuona atate ali kudzagula gadi wachiwiri, wa kanema, namchotserako pang'ono mtengo chifukwa ndi kasitomala wabwino. Mlongo wanga naye anadza kudzalonjerera mabisiketi ake, nati iye mbali yake anasunga, woulula ndinali ine ndekha. Ndinamgulira.

Chaka chino, pa zifukwa zimene sindizidziwa, ndine amene ndinapatsidwa kiyi wa kabati ya kanema wa mu holo. Tsopano mwamva chifukwa chake ndimazula mapulagi kukangoyamba kuda kumwamba, ngakhale mpira utafika pokoma, ndiponso chifukwa chake ndimaima chiriri patsogolo pa soketi magetsi akabwera, inu muli kundiitana maina onse a zinyama. Loweruka lapitali, kanyali kachikasu kali kuyaka, wina wa ku mabenchi a kumbuyo anandigenda ndi silipasi ya kumanja, yobiriwira, nambala 9. Ndinaitola, ndipo iri mu loka yanga pamodzi ndi ng'ona zija. Mwini wake akhoza kudzaitenga tikatha kudya mgonero.

Mnyamata wa Fomu 4